Buku la kuchipatala ndilo linatiyankhulira

Foni inalira cha m'ma 9 koloko usiku wa Lachisanu, ine ndili pamkeka kupinda kaunjika amene anatsala tsiku limenelo. Anali mnyamata amene amaima pasiteji imodzi ya kabaza ndi mlongo wanga. "Achemwali, achimwene anu atengedwa ndi apolisi. Awamenya zedi." Ndisanafunse kuti apita nawo kuti, mayunitsi anamuthera.

Mlongo wangayo ndi mzime kwathu. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 26, ndipo njinga yamoto imene amayendetsa anaigula ndi ngongole ya banki mkhonde. Dzina lake, ngakhalenso la polisi imene anamusungako, sinditchula chifukwa mbali ina ya nkhaniyi idakali kukhoti. Ndikulemba izi chifukwa tsiku limenelo ndinalibe wondiuza poyambira, ndipo zina zimene tinachita bwino tinazichita mwamwayi chabe.

Madzulo a tsikulo munthu wina anaberedwa foni pafupi ndi depoti, ndipo anauza apolisi kuti wakubayo wathawira pa kabaza ya munthu wovala jekete yofiira. Apolisi atatu anafika pasiteji, koma mmodzi yekha ndiye anali mu yunifolomu, ndipo ameneyo anatsalira m'mbuyo pafupi ndi galimoto. Anapeza mlongo wanga atakhala panjinga, jekete yofiira ili m'thupi. Mmodzi mwa ovala zovala wamba aja anangofikira kuzula kiyi. Mlongo wanga, posadziwa kuti munthuyu ndi ndani, anamugwira dzanja n'kumukankha, akufunsa kuti, "Kodi ndi chiyani, akulu?" Yankho lake linali khofi la pakhutu. Anamugwetsera pansi, n'kumumanga unyolo manja ali kumbuyo. Atamumanga kale ndi pamene anayamba kumumenya ndi chibonga m'manja ndi kumsana, wina akumuponda ndi jombo m'nthiti.

Usiku umenewo sindinagone. Dzina la Buleya Lule silinachoke m'mutu mwanga. Ambiri mukukumbukira kuti bamboyu anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019, akuganiziridwa pa nkhani ya kubedwa kwa mnyamata wa khungu lachialubino wa ku Dedza. Dokotala Charles Dzamalala atapima thupi lake anapeza kuti anazunzidwa, mpaka kuwotchedwa ndi magetsi, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linatsimikiza kuti imfayo inadza ndi nkhanza za m'chitokosi. Ndinkaganiza kuti ngati zinachitika pa mlandu umene dziko lonse linkauyang'ana, nanga bwanji mnyamata wa kabaza amene sadziwika ndi aliyense?

M'mawa wa Loweruka ndinaphika phala, n'kulithira m'kontena, ulendo wa kupolisi. Pakauntala anandiuza kuti ndilawe kaye, monga mwa nthawi zonse. Atamutulutsa ndinalephera kuyankhula. Magazi anali atauma kuchokera m'khutu la kumanzere kutsika mpaka m'khosi. Dzanja lamanja linali litatupa ngati mkate, zala sizinkapindika, ndipo supuni anaigwira ndi lamanzere. Ndikamuyankhula ankatembenuza mutu kuti amvere khutu linalo. Ndinapempha kuti amutengere kuchipatala. Anandiyankha kuti galimoto ilibe mafuta ndipo abwana kulibe mpaka Lolemba.

Apa m'pamene ndinachita chinthu choyamba chothandiza, ngakhale sindinadziwe kuti ndi chothandiza. Nditatuluka panja ndinakhala pamwala, n'kutenga kope limene ndimalembamo ngongole za makasitomala. Kumapeto kwake ndinalemba tsiku, nthawi imene ndinafika, zimene ndinaona pathupi pake, mawu amene anandiyankha, ndi maonekedwe a amene anandiyankhayo. Ndinachita izi chifukwa cha mkwiyo, kuti ndikawafotokozere amayi osaphonya kanthu. Patapita miyezi, tsamba lomwelo ndi limene wofufuza dandaulo lathu analijambula ndi foni yake.

Wapolisi wina wachizimayi, amene ankasesa pakhonde, anandiyandikira ngati akungodutsa. Ananong'ona kuti, "Mayi, akangotuluka musapite naye kunyumba. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akanene zoona." Sindinamuonenso mayi ameneyu, koma ndimamupempherera. Ndikunena izi kuti pasakhale woganiza kuti nkhani yanga ndi yodana ndi apolisi onse. Pakati pawo pali anthu amene zinthu zoterezi zimawawawa ngati mmene zimatiwawira ife.

Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 42, amati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, ayenera kuonekera tsiku loyamba limene khoti latsegula. N'chifukwa chake kumangidwa Lachisanu usiku kumawawa: Loweruka ndi Lamulungu lonse munthu ali m'kati. Ifenso tinadikira mpaka Lolemba. Tsikulo sanapite naye kukhoti, koma anamupatsa belo ya kupolisi. Wina anandiitanira pambali n'kunena kuti ndiganizireko "kangachepe" kuti pepala lituluke msanga. Ndinamuuza kuti ndilibe, ndipo ndikudziwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Pepala linatuluka ndithu, ngakhale tinadikira mpaka dzuwa litapendeka.

Kuchipatala ndiko kunali pothera nzeru. Tili pamzere, mlongo wanga anandiuza kuti akanena kuti wagwa panjinga. "Achemwali, anthu aja amadziwa pamene ndimaima. Njinga yanga ili m'manja mwawo. Mukufuna ndife?" Ankanjenjemera. Sindinamukalipire, chifukwa mantha ake anali ndi pogwira. Ndinangomuuza kuti akanama pano, bodza limenelo lilembedwa ndi dzanja la dokotala, ndipo palibe amene adzalifufute. Titalowa, dokotala anafunsa osadzutsa mutu kuti chachitika n'chiyani. Panali kachetechete. Kenako mlongo wanga anati, "Anandimenya apolisi pondimanga Lachisanu."

Dokotalayo anaika cholembera pansi n'kumuyang'ana. Anamuvula malaya, n'kuwerenga mikwingwirima ya kumsana umodziumodzi. Anaunika m'khutu ndi katochi n'kunena kuti kachikopa ka m'kati kabooka. Anatitumiza ku X-ray, kumene kunaoneka kuti mafupa awiri a pachikhatho athyoka, ndipo anamuika chikhakha. Zonsezi analemba m'buku la kuchipatala lija timagula pageti, helefu pasipoti: tsiku, zimene wodwala wanena, zimene iye waona, kukula kwa mabala, dzina lake ndi chidindo. Anatiuza kuti lipoti la chipatala limene limapita kukhoti limalembedwa pa fomu imene imachokera kupolisi. Ndinamva kuzizira m'thupi, poti zinatanthauza kukapempha pepala kwa anthu omwe tikuwadandaulawo. Fomuyo tinaipeza patapita masabata, kudzera ku polisi ina, mothandizidwa ndi paralegal, munthu wothandiza anthu pa zamalamulo koma si loya. Koma mabala sadikira fomu. Pofika nthawi imeneyo mikwingwirima inali itazimiririka, ndipo dokotala polemba lipoti anangotsegula buku lija n'kukopera zimene analemba tsiku loyamba. Tikanadikira fomu tisanapite kuchipatala, tikanatsala ndi mawu apakamwa okha.

Madzulo omwewo ndinamujambula zithunzi kunyumba, pakhonde pamene pali kuwala. Chithunzi chilichonse ndinayamba ndi thupi lonse kuti nkhope ioneke, kenako n'kuyandikira pabala, nditaika bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike. Malaya amagazi aja amayi anafuna kuwachapa. Ndinawalanda m'beseni madzi asanathiridwe, n'kuwayanika, n'kuwasunga m'envelopu yaikulu.

Nkhondo yeniyeni inali ya m'banja. Amalume anabwera Lachitatu, n'kukhala pampando wa bambo athu malemu. "Ana inu, boma sililimbanidwa. Mwana watuluka wamoyo, thokozani Mulungu. Mukapita nazo patali, mawa adzamupezera mlandu wina." Amayi anangoti zyoli, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ndinagwada, n'kunena kuti, "Amalume, ndamva. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Khutu ili silidzamvanso bwino, ndipo ngongole ya njinga ikudikira munthu amene dzanja lake lili m'chikhakha." Sanandiyankhe. Pochoka anangonena kuti ndisadzawaitane zikadzavuta.

Sabata yotsatira kunabwera bambo wina amene timamudziwa, wa m'komiti ya chitetezo cha m'dera. Anati watumidwa ndi "anzathu aja", kuti iwo akumva chisoni, ndipo atumiza K60,000 ya mankhwala kuti nkhani ithere pakhomo. Anaika ndalamazo pamkeka. Kunyumba kunalibe ufa tsiku limenelo, ndipo ndinaona maso a amayi akupita pa ndalamazo. Mlongo wanga ndiye anayankha. Anati, "Bambo, tengani ndalama zanu. Ngati akumva chisoni abwere okha adzanene pamaso pa amayi." Bamboyo atachoka ndinalemba m'kope muja tsiku, nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi amene analipo. Sindiweruza banja limene limalandira ndalama zotere, chifukwa njala ndimaidziwa. Koma dziwani kuti mukalandira, tsiku lina zidzanenedwa kuti munagwirizana kale, ndipo dandaulo lanu lidzapepuka.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wa kumpingo kwathu amene amagwira ntchito ya uparalegal. Anthu amenewa si maloya, koma amadziwa malamulo ndipo amayendera zitokosi ndi ndende. Mabungwe monga Paralegal Advisory Service Institute ndi CHREAA ya ku Blantyre akhala akugwira ntchito yotere kwa zaka zambiri. Mayiyu anakhala nafe madzulo onse, akumwa tiyi wopanda mkaka, n'kutifotokozera makomo amene tingagogode.

Anati tikhoza kukadandaula kwa mkulu wa polisi yomweyo, kapena ku nthambi ya apolisi yoona za khalidwe la apolisi anzawo, Professional Standards. Kumeneko ndi apolisi kufufuza apolisi, ndipo mlongo wanga atangomva anapukusa mutu. Kenako anatiuza za Independent Complaints Commission, ICC, bungwe loima palokha limene ntchito yake ndi kulandira ndi kufufuza madandaulo a anthu okhudza apolisi, makamaka pamene munthu wafa kapena wavulala ali m'manja mwawo kapena chifukwa cha zochita zawo. Bungweli linalembedwa m'lamulo la apolisi la 2010, koma linakhala papepala zaka pafupifupi khumi. Kamishonala wake woyamba, a Christopher Tukula, anasankhidwa mu 2020. Ine, munthu wa mumsika amene wailesi imakhala yotsegula tsiku lonse, ndinali ndisanalimvepo. Anatchulanso Malawi Human Rights Commission ndi ofesi ya Ombudsman, n'kunena kuti chipukuta misozi chimachokera kukhoti, ndipo amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Kalata yathu ya dandaulo yopita ku ICC tinailemba m'Chichewa, pamapepala awiri. Mayiyo anatiletsa mawu aukali onse amene ndinayamba nawo. Anati, "Achemwali, wofufuza safuna kudziwa kuti apolisiwo ndi afiti. Akufuna kudziwa kuti inali nthawi yanji, analipo ndani, unyolo unalowa liti, chibonga chinagwa pati." Ndiye tinalemba motsatira nthawi, kuyambira pamene galimoto inaima mpaka pamene belo inatuluka. Mayina a apolisiwo sitinkawadziwa, koma anyamata a pasiteji ankadziwa dzina lopeka la mmodzi, ndipo wina anakumbukira manambala awiri omaliza a galimoto, imene nambala yake inayamba ndi MP monga zimakhalira galimoto za polisi. Tinafotokoza msinkhu, khungu, ndi chipsera chimene mmodzi anali nacho pachibwano.

Panali chinthu chimodzi chimene tinakangana. Mlongo wanga sanafune kuti tilembe zoti iye anagwira dzanja la wapolisi n'kumukankha. Ankati zimenezo zimuipitsira nkhani. Mayi uja anaumirira kuti zilembedwe. Anatifotokozera kuti lamulo limalola wapolisi kugwiritsa ntchito mphamvu pomanga munthu amene akukana kapena akuthawa, koma mphamvuyo ikhale yongokwanira kumugwira. Munthu akagonja, akamangidwa unyolo, chifukwa chomumenyera chatha, ndipo gawo 19 la malamulo aakulu limaletseratu kuzunza munthu kapena kumuchitira nkhanza zonyazitsa, kaya wapalamula chotani. Choncho funso la wofufuza silikhala lakuti kodi anamukhudza kapena ayi. Limakhala lakuti mphamvuyo inali yofunika, inali yochuluka bwanji, ndipo inaleka liti. Tikabisa kukankhako, apolisi adzakunena okha, ndipo zonse zimene tanena zidzaoneka zabodza. Tinalemba. Lero ndimaona kuti chiganizo chimenecho chinatiteteza kuposa china chilichonse m'kalatamo.

Tinachita mafotokope atatu a chilichonse: kalata, masamba a buku la kuchipatala, pepala la belo, pepala la X-ray. Zenizeni tinasunga tokha. Popereka kalata ndinapempha kuti andidindire pa kope yanga ndi kundipatsa nambala ya dandaulo. Musachoke pa ofesi iliyonse opanda chizindikiro chakuti munafikapo.

Za mboni ndiye zinandiphunzitsa zambiri za anthu. Tsiku lomwe zinachitika, pasiteji panali anthu oposa makumi awiri, ndipo aliyense ankalankhula mokweza kuti zimenezi n'zosaloleka. Itafika nthawi yopereka umboni, anatsala atatu. Mayi wina wogulitsa chimanga chootcha, amene anaona zonse ali pafupi kwambiri, poyamba anavomera. Patapita masiku anandiitana n'kundigwira dzanja. "Achemwali, mundikhululukire. Ine ndimagulitsa pamalo osaloledwa. Akandithamangitsa pano ana anga adya chiyani?" Ndinamumvetsa, ndipo mpaka lero ndimagula chimanga kwa iye.

Amene anatipulumutsa ndi mnyamata wometa tsitsi m'kashopu koyang'anana ndi siteji. Iye anajambula kanema wa masekondi 40 ali kuseri kwa katani. Kanemayo ndi wamdima, akugwedera, nkhope sizioneka bwino. Koma unyolo ukuoneka ukung'anima kumbuyo kwa munthu amene wagona chafufumimba, ndipo chibonga chikuoneka chikukwera ndi kutsika kasanu. Anyamata ankafuna kuti aponyedwe pa Facebook usiku womwewo. Ndinawapempha kuti adikire. Maganizo anga anali akuti akafalikira, wojambulayo adziwika asanatetezedwe, ndipo omenyawo apeza nthawi yokonza nkhani yawo mogwirizana ndi zimene zikuoneka. Ena amaona mosiyana, ndipo n'zoona kuti nkhani zina zinayenda chifukwa anthu anachita phokoso. Kwa ife kudikira kunathandiza. Mayi wa uparalegal anatichenjezanso kuti kanema wotumizidwa pa WhatsApp amachepa mphamvu ndipo tsiku limene anajambulidwa silionekanso, choncho tinakopera kuchokera mufoni mwenimwenimo kupita pa memori khadi, ndipo mnyamatayo sanafufute wake.

Panapita miyezi iwiri tisanaitanidwe. Wofufuza anali bambo wodekha, wolankhula pang'ono. Anamufunsa mlongo wanga payekha kwa maola awiri, kenako ine, kenako mboni. Mafunso ake ankabwerera pamalo amodzimodzi. Kodi anadzitchula kuti ndi apolisi asanakugwire? Anakuonetsa chitupa? Anakuuza chimene akukumangira? Khofi linabwera unyolo usanalowe kapena utalowa? Unagwa wekha kapena anakugwetsa? Unapempha kupita kuchipatala kwa ndani, nthawi yanji? Mlongo wanga anatuluka atatopa, akuganiza kuti bamboyo sakumukhulupirira. Koma ndi mmene kufufuza kumakhalira. Amafunsa kawiri katatu kuti aone ngati nkhani ikuima pamodzi. Pamene sunakumbukire, ndi bwino kunena kuti sindikukumbuka kusiyana ndi kudzaza mpata ndi zongoganiza. Atamaliza anawerenga zimene analemba mokweza, ndipo mlongo wanga anakonzetsa malo awiri asanasaine.

Tinadzamva kuti apolisi aja anapereka nkhani yawo: kuti woganiziridwayo anachita ndewu, anafuna kuthawa, ndipo anavulala pogwa ndi njinga yake. Mawu omwe aja mlongo wanga anafuna kunena pamzere wa kuchipatala. Ndikaganiza zimenezi thupi limachita tsembwe. Akanati anene kuti wagwa panjinga, buku lake lomwe likanakhala mboni ya omumenya. M'malo mwake bukulo linali ndi mikwingwirima isanu ndi iwiri ya kumsana, yoongoka, yotalika mofanana, imene munthu sangaipeze pogwa. Wofufuza anakaonanso mabuku a kupolisi, lija amalembamo zochitika zonse, limene amalitcha OB, ndi la anthu olowa m'chitokosi. Munalembedwa nthawi imene anafika naye, koma za kuvulala munalibe ngakhale liwu limodzi, pamene tsamba la m'kope langa la Loweruka m'mawa linali ndi magazi a m'khutu ndi dzanja lotupa.

M'miyezi yodikirayo mantha sanatisiye. Kawiri konse galimoto inaima pafupi ndi nyumba usiku, n'kuchoka popanda wotsika. Mwina sizinali zokhudzana ndi nkhaniyi, koma tinalemba ndi kudziwitsa wofufuza. Mlongo wanga anasamukira kwa azakhali kwa kanthawi. Njinga inatuluka patapita masabata asanu, galasi limodzi litasweka, titalemba kalata ina yoipempha. Ngongole ya banki mkhonde ndinkabweza ine ndi ndalama ya kaunjika, ndipo amayi a m'gulumo anatichotsera chindapusa cha kuchedwa atamva zimene zinachitika.

Chimene chinkandilimbitsa mtima ndi anthu amene anayenda njira imeneyi ife tisanayende. Amayi a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anachitidwa zachipongwe ndi apolisi mu October 2019, wapolisi mnzawo ataphedwa ndi gulu la anthu pamsewu wa ku Mchinji. Imfa ya wapolisiyo inali yoopsa ndipo palibe angaivomereze, koma amayi amene anagwiriridwa sanaphe munthu. Amayi 18 anaima, mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association, ndipo mu August 2020 khoti lalikulu linalamula kuti alipidwe. Ngati amayi a kumudzi anatha kunena pamaso pa dziko chinthu chochititsa manyazi chotero, ife tikanalephera bwanji kunena za khutu ndi dzanja? Panalinso a Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha akupita kumsika wa Limbe pa mlandu wa vakabu. Sanangolipira faindi n'kuiwala. Anatsutsa lamulolo, ndipo mu January 2017 khoti lalikulu linagamula kuti ndime imene anamangidwa nayo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Pa imfa ya a Lule, apolisi angapo anamangidwa mu 2020 n'kuimbidwa mlandu wakupha. Zonsezi zinatenga nthawi yaitali, koma mlandu suola.

Mlandu wa foni uja unafa wokha. Mwini foni atamuona mlongo wanga masana anati si ameneyu, ndipo patapita miyezi yomangopita kukasaina kupolisi, anamuuza kuti asabwerenso. Ndinaumirira kuti atilembere papepala kuti mlandu watsekedwa, chifukwa loya wa ku Legal Aid anatiuza kuti pepalalo lidzafunika. Loya yemweyo anatifotokozera kuti munthu asanasumire boma amayenera kupereka chidziwitso kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, miyezi itatu isanafike nthawi yokasuma, ndiponso kuti milandu yofuna chipukuta misozi ili ndi malire a nthawi. Anatidzudzula pang'ono kuti tinachedwa kubwera poganiza kuti tidikire kaye zotsatira za kufufuza, pamene njira ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi.

Patatha chaka ndi miyezi ingapo tinalandira kalata. Inati kafukufuku wapeza kuti mphamvu imene inagwiritsidwa ntchito munthu atamangidwa kale unyolo inali yosayenera, kuti kumukaniza chithandizo cha kuchipatala kunali kulakwa, ndipo nkhaniyo yatumizidwa kwa oyenera kuti achitepo kanthu pa apolisi awiri. Wachitatu, wa yunifolomu uja, sanapezeke ndi mlandu womenya. Mtima wanga sunakhutire pa ameneyu, chifukwa anaima n'kumaonerera osaletsa. Mlongo wanga akuti mmodzi mwa awiriwo samuonanso m'dera lathu. Winayo anakumana naye kamodzi pa rodibuloko, anayang'anana, ndipo anamuuza kuti adutse osamufunsa kanthu. Za chipukuta misozi tikudikirabe tsiku la kukhoti.

Kalatayo ndinakawawerengera amalume. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupempha kuti ndibwereze ndime ya unyolo. Kenako anaitenga, n'kuiyang'ana nthawi yaitali ngakhale Chingerezi sawerenga, n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti boma lavomera kuti mwanayu analakwiridwa?" Ndinati eya, papepala lavomera. Anaipinda bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri.

Mlongo wanga anabwerera pasiteji. Dzanja linapola, koma kukazizira m'mwezi wa June zala ziwiri zimauma, ndipo amayamba waziotha pa injini asanagwire buleki. Khutu lamanzere limamva pang'ono, choncho wokwera akamamuuza kokhota amamupempha kuti ayankhulire kumanja. Mwezi wathawu anabwera kunyumba usiku ndi mnzake wina wa kabaza, diso litatupa, mlomo utang'ambika, atangotuluka kumene m'chitokosi. Mnyamatayo ankafuna madzi otentha kuti athowe n'kukagona. Mlongo wanga anamuletsa kuvula malaya, n'kundiuza kuti, "Achemwali, tengani foni ndi bokosi la machesi. Tikatha apa tipita naye kuchipatala, buku ndimugulira ine pageti."